Sikelo Imene Timayezera Aphunzitsi Aakulu

Chaka chilichonse, bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, pamatulukanso mndandanda wa sukulu: khumi zimene zachita bwino koposa ndi khumi zimene zatsalira kumapeto. Mawailesi amauwerenga, nyuzipepala zimausindikiza, ndipo dzuwa lisanalowe umakhala utafika pa mafoni m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota, kudzera ku Salima, mpaka ku Mangochi. Pamenepo ife makolo timasanduka oweruza. Mphunzitsi wamkulu amene sukulu yake yakwera timamutamanda, amene sukulu yake yatsika timati asamutsidwe. Mndandandawu ndiwo wakhala sikelo imene timayezera utsogoleri wa sukulu za sekondale. M'nkhani ino tikufuna tiiyeze sikeloyo payokha, pakuti aliyense amene adagulitsapo chimanga kwa mavenda amadziwa kuti sikelo yokhota imaba mwakachetechete.

Tiyambe ndi zabwino zake, pakuti zilipo. Satifiketi ya MSCE ndiyo khomo lolowera ku yunivesite, ku koleji ya uphunzitsi, ku unamwino ndi ku ntchito zambiri za m'boma. Kholo limene lagulitsa mbuzi kuti mwana akhale pasukulu zaka zinayi lili ndi ufulu wodziwa ngati sukuluyo imakhozetsa ana. Manambala amathandizanso kuti dziko lisadzinamize. Mayeso a 2020 atabedwa, adaimitsidwa mu Novembala, ana adalembanso mu Januwale 2021, ndipo amene adakhoza adali pafupifupi 41 mwa 100 aliwonse. Chiwerengero chimenecho chidatiuza poyera kuti oposa theka la ana amene adalowa m'chipinda cha mayeso adabwerera kwawo chimanjamanja. Kulengeza zotsatira n'koyenera ndithu. Chimene tikutsutsa n'kutenga mndandanda wa sukulu n'kuusandutsa chigamulo pa ntchito ya mphunzitsi wamkulu.

Cholakwa chake choyamba n'chakuti umayerekeza sukulu zimene sizidayambire pamodzi. Ana a Sitandade 8 akalemba mayeso awo, unduna wa zamaphunziro umawagawa motsatira mmene akhozera. Okhoza kwambiri amapita ku sukulu za dziko lonse, monga Dedza, Blantyre, Lilongwe Girls ndi Mzuzu, ndi ku sukulu zina zogonera konko zothandizidwa ndi boma. Otsatira amapita ku sukulu za m'maboma. Otsala, amene ndiwo ambiri, amapita ku sukulu zoyendera za m'madera, zija timangoti ma CDSS. Pakapita zaka zinayi timaziika zonsezi pa mzere umodzi. Kuteroko n'kupikisanitsa munthu wa boti la injini ndi munthu wopalasa bwato ndi nkhafi, kenaka n'kumudzudzula wopalasayo kuti wafika mochedwa. Mphunzitsi wamkulu amene amalandira ana osankhika angathe kukhala mu ofesi zaka zinayi osasuzumirapo m'kalasi, sukulu yake n'kuonekabe pamwamba. Mnzake amene adalandira mwana wosatha kulemba ndime imodzi ya Chingerezi, n'kumufikitsa potenga satifiketi, wagwira ntchito yolemera koposa, koma mndandanda suiona.

Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mu 1994 boma lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Khamu limenelo lidayenera kudzafika pakhomo la sekondale. Mu 1998 malo ophunzirirapo a MCDE, kumene ana ankaphunzira ndi timabuku tokonzedwa kale moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, adasandutsidwa ma CDSS. Dzina lidasintha msanga, koma zofunika zidatsalira m'mbuyo. Aphunzitsi ambiri adali ophunzira za ku pulayimale, ndipo m'malo ambiri mudalibe labotale kapena laibulale. Koleji ya Domasi idayamba kuwakweza aphunzitsiwo kudzera m'maphunziro a patali, ndipo mu 2017 koleji ya Nalikule idatsegulidwa. Komabe kufikira lero n'zosadabwitsa kupeza mphunzitsi wa Jogalafe akuphunzitsa Masamu chifukwa palibenso wina. Sukulu yotereyi ndiyo imasowa kwambiri mtsogoleri wodziwa kusula aphunzitsi ake, ndipo ndi yomweyo imene mndandanda umaichititsa manyazi chaka ndi chaka.

Cholakwa chachiwiri n'chakuti mndandanda umawerenga okhawo amene alemba mayeso. Kwathu kuno tikudziwa kumene ena amathera. Mnyamata amalawa ndalama ya usipa ali Fomu 2, n'kuona kuti usiku umodzi wa pa chilimira ukuposa teremu yonse. Wina amamva mbiri ya ku Joni. Mtsikana amatopa ndi mtunda wa tsiku ndi tsiku, kapena amatenga pathupi ali m'kanyumba ka lendi pafupi ndi sukulu. Tiyerekeze sukulu ziwiri zimene zidalandira ana 60 iliyonse mu Fomu 1. Yoyamba yafikitsa ana 20 ku mayeso, ndipo 16 akhoza. Imeneyo idzalembedwa kuti yakhozetsa 80 mwa 100. Yachiwiri yasunga ana 50 kufikira kumapeto, ndipo 30 akhoza. Imeneyo idzalembedwa kuti yakhozetsa 60 mwa 100. Mndandanda udzaika yoyamba pamwamba, pamene yachiwiri yabweretsa m'mudzi masatifiketi 30 ndipo inzakeyo 16 okha. Ana 40 amene sukulu yoyamba idataya panjira salembedwa paliponse.

Cholakwa chachitatu ndicho chachikulu: sikelo imaphunzitsa munthu woyezedwayo makhalidwe. Mphunzitsi wamkulu akadziwa kuti adzaweruzidwa ndi Fomu 4 yokha, amatumiza aphunzitsi ake amphamvu onse ku Fomu 4, Fomu 1 n'kusiyira amene angofika kumene kapena amene atopa ndi ntchito. Chaka chomaliza chimasanduka cholowezetsa mayankho a mapepala a zaka zapitazo. Mwana wokayikitsa amalangizidwa kuti asiye Fizikisi ndi Kemisitiri, ngakhale kuti maphunziro amenewo ndiwo akadamutsegulira khomo la zachipatala. Palinso yesero lina, lomuuza mwana wofooka kuti akalembetse ngati wophunzira wapadera kuti asatsitse dzina la sukulu. Zonsezi zingakweze sukulu pa mndandanda, mphunzitsi ndi mmodzi yemwe asanaphunzire kuphunzitsa bwino kuposa chaka chatha.

Akuluakulu adati m'mera m'poyamba, ndipo ku sekondale mmera uli mu Fomu 1. Ana ambiri a m'madera athu amalankhula Chiyao pakhomo, adakula ndi Chichewa pabwalo la pulayimale, ndipo tsopano akuyenera kumva Bayoloje, Mbiri ndi Ulimi m'Chingerezi chokhachokha. Lamulo la mayeso a MSCE likuti wolephera Chingerezi satenga satifiketi, ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Tsono Chingerezi sichingasiyidwe m'manja mwa mphunzitsi wa Chingerezi yekha. Wa Bayoloje ayenera kumupatsa mwana mpata wofotokoza ndi pakamwa pake mmene magazi amayendera, wa Mbiri ayenera kumulembetsa ndime yathunthu n'kuichonga. Mphunzitsi mmodzi sangauze anzake kuti achite zimenezo. Munthu yekhayo amene angamange mfundo yotere kuti igwire m'makalasi onse ndi mphunzitsi wamkulu. Akapanda kutero, mwana amene sadamve bwino mu Fomu 1 amangokopera zapabolodi zaka zinayi, ndipo palibe maphunziro a m'mamawa kapena a Loweruka mu Fomu 4 amene angabweze zaka zitatu zotayikazo.

Ife makolo tili ndi sikelo inanso, ya maso. Timakondwera tikaona mpanda wa njerwa, zipupa zopaka laimu, maluwa kutsogolo kwa ofesi ndi ana ovala yunifolomu mwadongosolo. Izi n'zofunika, ndipo mphunzitsi wamkulu amene wamanga zimbudzi zabwino za atsikana wateteza maphunziro awo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sukulu ingathe kuoneka bwino kunja, pamene m'kati belu likalira mphunzitsi amafika patapita mphindi khumi, n'kupatsa mwana mmodzi buku kuti alembere anzake pabolodi, iye n'kubwerera ku sitafurumu. Piriyodi ndi mphindi 40 zokha. Maphunziro onse a mwana ali m'mphindi zimenezo, kuwirikiza tsiku ndi tsiku kwa zaka zinayi, ndipo utsogoleri umene sufika m'menemo wangozungulira kunja kwa ntchito yake.

Mfundo imeneyi idafufuzidwapo. Mu 2008 Viviane Robinson wa ku yunivesite ya Auckland, ku New Zealand, pamodzi ndi anzake, adasonkhanitsa zofufuza zambiri zokhudza atsogoleri a sukulu, kuti aone ntchito imene imasintha kwambiri kakhozedwe ka ana. Adapeza kuti yoposa zonse ndiyo ya mtsogoleri amene amalimbikitsa aphunzitsi ake kuphunzira, iye mwini n'kumaphunzira nawo limodzi. Kwathu kuno dzina la udindowu lidanena kale zomwezo. Timati mphunzitsi wamkulu. Ukulu wake uyenera kuonekera pa uphunzitsi, monga mmisiri wamkulu wa ngalawa amadziwika ndi thabwa limene wakhoma ndiponso ndi anyamata amene wawaphunzitsa kukhoma.

Sikelo yabwinopo ilipo kale, koma makolo ambiri sitidaimvepo. Mu 2015 unduna wa zamaphunziro udatulutsa miyeso ya maphunziro ya dziko lino, yokwana 26, ya sukulu za pulayimale ndi za sekondale. Miyesoyo imayang'ana zimene ana akuphunzira, mmene aphunzitsi akukonzekerera ndi kuphunzitsira, mmene atsogoleri akuyang'anira ndi kukwezera aphunzitsi, ndi mmene sukulu ikugwirira ntchito ndi makolo. Pa muyeso uliwonse pali masitepe anayi, kuyambira pa sukulu imene siikufika pa zofunika zochepetsetsa kufikira pa imene ikuchita bwino kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti sukulu ya kumudzi ingathe kudziyeza yokha n'kuona pamene yasuntha. Kufooka kwake n'kwakuti ilibe mawu. Mndandanda wa MANEB umamveka pa wailesi, pamene miyeso 26 ili m'buku la mu ofesi. Oyendera sukulu ndi ochepa, ndipo sukulu ya kuseri kwa phiri, kumene msewu umaduka nthawi ya dzinja, ingathe kutha nthawi yaitali osawaona. Muyeso wosadziwika kwa makolo sungakakamize aliyense, ndipo mphunzitsi wamkulu amatsata sikelo imene anthu akumufunsa.

Chimodzimodzinso maphunziro a aphunzitsi ali pantchito. Mu 2004 ndondomeko ya SMASSE, yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka Masamu ndi Sayansi mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, idayamba kuyesedwa m'chigawo cha maphunziro cha kumwera chakum'mawa, chimene chili ndi maboma a Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba, kenaka idafalikira m'dziko lonse. Mfundo zake n'zabwino: ana azichita ndi manja awo, mphunzitsi azigwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi ngati zida za labotale palibe, ndipo aziunika phunziro lake akamaliza. Koma njira yake ndi ya madzi otsika m'phiri. Akatswiri amaphunzitsa aphunzitsi a m'chigawo, awonso n'kuphunzitsa anzawo nthawi ya tchuthi. Mphunzitsi amabwerako ndi zolemba zake, n'kupeza kalasi yodzaza ndi silabasi yomuthamangitsa. Ngati pasukulu pake palibe womufunsa zimene wakaphunzira, womupatsa nthawi yoziyesa ndi womuonerera akuziyesa, pakatha sabata zingapo amabwerera ku njira yakale. Phindu la maphunziro a patchuthi limagwira kapena kutayika m'manja mwa mphunzitsi wamkulu.

Anzathu a ku Zambia adayesa kuika maphunzirowo pasukulu pomwepo. Kuyambira mu 2005, m'chigawo chapakati cha dzikolo, aphunzitsi a Sayansi adayamba njira yochokera ku Japan yophunzirira phunziro limodzi pamodzi, ndipo pambuyo pake idafika ku zigawo zonse. Aphunzitsi amasankha mutu umene ana amavutika nawo, n'kukonza phunzirolo pamodzi. Mmodzi amakaphunzitsa, anzake atakhala kumbuyo kuyang'ana mmene ana akumvera. Akatuluka amakambirana, amalikonzanso, ndipo limakaphunzitsidwa kachiwiri m'kalasi ina. Njirayi siifuna galimoto, holo kapena alawansi. Imafuna ola limodzi lokhazikika pa ndandanda ya sabata, ndi mtsogoleri amene sadzalola kuti ola limenelo lidyedwe ndi misonkhano ina.

Apa m'pamene ntchito yeniyeni ya mphunzitsi wamkulu imaonekera, ndipo zambiri za izo sizidikira ndalama za ku likulu. Iye ndiye amagawa makalasi, choncho angathe kuika mphunzitsi wake waluso wa Masamu mu Fomu 1. Ali ndi akulu a madipatimenti a zilankhulo, a sayansi ndi a maphunziro a chikhalidwe cha anthu. Angathe kuwasandutsa alangizi a anzawo m'malo mongosainira masikimu kumayambiriro kwa teremu. Angathe kutenga makope khumi m'kalasi iliyonse n'kuona tsiku limene adachongedwa komaliza. Angathe kuyerekeza zimene zalembedwa m'buku la ntchito yophunzitsidwa ndi zimene zilidi m'makope a ana. Kumene kuli sukulu ya masana yolipira, angathe kuonetsetsa kuti aphunzitsi sakusungira mphamvu zawo masanawo n'kuwamana ana a m'mawa. Sukulu zoyandikana zidaikidwa kale m'magulu, ndipo mphunzitsi yekhayo wa Kemisitiri pa CDSS angathe kukumana ndi anzake a m'gululo ngati mtsogoleri wake amutsegulira njira. Mwini khoka amene amangowerenga ndowa za nsomba padoko sadziwa pamene khoka lang'ambika. Amadziwa ndi amene amalitambasula pamchenga n'kuliyendera diso ndi diso.

Ena adzati tikusenzetsa munthu mmodzi katundu wa mudzi wonse, ndipo mawu awo ali ndi nzeru. Pa CDSS mphunzitsi wamkulu nayenso amakhala ndi makalasi ake, ndiye wosunga ndalama, woweruza milandu ya ana, wolemba malipoti ndi wopita ku misonkhano ya kuboma. Ambiri adakwezedwa chifukwa cha zaka zawo pantchito, osaphunzitsidwa mokwanira za kutsogolera anzawo. Aphunzitsi enanso amadana n'kuonereredwa, chifukwa adazolowera kuti wolowa m'kalasi mwawo wabwera kudzafuna zolakwa. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kugawidwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wachiwiri wake atenge zina, akulu a madipatimenti zina, komiti ya makolo ichotse pa mapewa ake nkhani za njerwa ndi mchenga. Za mantha a aphunzitsi, mankhwala ake ndi akuti mphunzitsi wamkulu ayambe ndi iye mwini: aitane anzake kudzaonerera phunziro lake, amve zimene anena, n'kuzilandira pamaso pawo. Akatero, khomo la kalasi ya mnzake silikhalanso lolimba kutsegula.

Nalo bungwe la MANEB, pamodzi ndi unduna, lingathe kuwongola sikeloyi popanda kuyamba chatsopano. Mayeso a Sitandade 8, a JCE amene adabwezeretsedwa mu 2021, ndi a MSCE, onse amayendetsedwa ndi bungwe lomweli. Ndiye kuti mbiri ya mmene mwana adalowera ku sekondale ndi mmene watulukira ili m'nyumba imodzi ku Zomba. N'zotheka kulengeza sukulu zimene zasuntha ana awo mtunda wautali koposa, poyerekeza polowera ndi potulukira. N'zothekanso kuyerekeza ma CDSS ndi ma CDSS anzawo, ndi kulemba pambali pa sukulu iliyonse chiwerengero cha ana amene adayamba Fomu 1. Mndandanda wotere ungatchule maina a sukulu zimene sitidazimvepo pa wailesi, ndipo ungauze mphunzitsi wamkulu aliyense kuti mwana wofooka amene wasungidwa pasukulu n'kukwezedwa ndi ulemu kwa iye.

Pamene tikudikira zimenezo, sikelo ina ili m'manja mwathu, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Kawirikawiri timapitako kukamva za ndalama za chitukuko, n'kubwerako titakangana za mtengo wa malata. Teremu ino tikafunse mwaulemu mafunso ena. Mwa ana amene adayamba Fomu 1 zaka zinayi zapitazo, ndi angati alemba mayeso, ndipo otsalawo ali kuti? Akuphunzitsa Masamu ndi Chingerezi mu Fomu 1 ndani, ndipo adaphunzira maphunziro amenewo? Ndi maphunziro angati amene aphunzitsi aakulu kapena akulu a madipatimenti aonerera teremu ino? Aphunzitsi amakumana liti kukambirana za kaphunzitsidwe? Kunyumba nako, ngakhale kholo limene silidziwa Chingerezi lingathe kutsegula kope la mwana n'kuona ngati muli inki yofiira ndi madeti otsatizana.

Mtsogoleri amene akugwiradi ntchito yake adzakondwera ndi mafunso amenewa, chifukwa adzamupatsa mpata woonetsa thukuta limene mndandanda umabisa. Amene sadawaganizirepo adzadziwa kuti makolo ayamba kuyang'ana m'kalasi. Ndipo zotsatira zikadzatulukanso, tisanapite kwa akuluakulu a zamaphunziro kukapempha kuti munthu asamutsidwe, tiyambe tafunsa kuti anawo adawalandira ali potani, wawasunga angati, ndipo aphunzitsi ake akuphunzitsa bwanji lero poyerekeza ndi tsiku limene iye adafika.